Riji: chigoba chozokota cha Aaborijini a ku Kimberley ndi ulendo wake wokafika pamsika

Kumpoto chakumadzulo kwa dziko la Australia, m'chigawo chotchedwa Kimberley, kuli gombe limene nyanja yake imadzaza ndi kuphwa modabwitsa. M'dera la King Sound madzi amatha kukwera mamita oposa 10, kenako patapita maola ochepa n'kubwerera kutali, kusiya matanthwe ndi mchenga zili pambalambanda. Nthawi imene madzi amaphwa kwambiri, makamaka mwezi ukakhala wathunthu, Aaborijini a m'derali, amene ndi eni nthaka oyambirira a dzikolo, akhala akuyenda wapansi pamatanthwewo kuyambira kalekale, kutola nkhono zikuluzikulu zobala ngale zimene asayansi amazitcha Pinctada maxima. Pa nkhono zonse za ngale, iyi ndiyo yaikulu, ndipo chigoba chake chimatha kukula mpaka masentimita 30, ngati mbale yodyera. Kunja kwake n'kokhakhala ndi kotuwa, kosakopa maso ngakhale pang'ono, koma mkati mwake mumawala ngati siliva wothiridwa mitundu ya utawaleza. Azungu atafika kuderali anaona m'chigobachi ngale ndi mabatani a malaya. Eni nthaka anali ataonamo kale madzi, mvula ndi mwambo, ndipo anali ndi njira yawo yolembera zimenezo pachigoba chomwecho.

Anthu a mtundu wa Bardi, amene kwawo ndi kunsonga kwa dera la Dampier Peninsula, kumpoto kwa tauni ya Broome, pamodzi ndi anansi awo a mtundu wa Jawi a m'zilumba zapafupi, ali ndi mayina awiri a chigoba chimodzi. Chikakhala chosalemba kanthu, ngakhale chitapalidwa bwino ndi kubooledwa, amachitcha guwan. Chikazokotedwa mizere, imene amaitcha ramu, dzina limasintha n'kukhala riji. Mitundu ina ya ku Kimberley imati jakuli, ndipo kutali m'chipululu chapakati pa dzikolo chigobachi chimadziwika kuti longka longka. Kusiyana kwa guwan ndi riji ndiko phata la nkhani yonse. Nyanja imapereka guwan kwa aliyense wodziwa kuyenda pamatanthwe, koma riji imakhalapo pokhapokha munthu wololedwa ndi mwambo ataikapo mizere imene ili ndi eni ake, malo ake ndi nyimbo zake.

Ntchito yopanga riji imayamba ndi kuchotsa nyama ya nkhonoyo, imene imadyedwa, ndi kusankha chigoba chosang'aluka, chimene tizilombo ta m'nyanja sitinachiboole. Mmisiri amabenthula m'mphepete mwake pang'onopang'ono, n'kumachikwecha pamwala ndi mchenga ndi madzi mpaka chitakhala chozungulira motalikirako, ngati dzira kapena tsamba lalikulu. Khungu lokhakhala lakunja lija amalipala. Chakumtunda, pafupi ndi pamene zigoba ziwiri zinkalumikizana, amaboola kabowo kolowetsapo chingwe. Akatero imatsala ntchito yofuna mtima wodekha, yozokota mbali yonyezimira ija. Chigoba cha ngale n'cholimba koma sichichedwa kubenthuka, choncho mzere uliwonse umakumbidwa mobwerezabwereza, pang'onopang'ono, ndipo dzanja likaterereka palibe njira yofufutira. Makolo ankagwiritsa ntchito miyala yakuthwa. Zitsulo zitafika, misomali, mipeni ndi matupa zinalowa m'malo, ndipo lero amisiri ena amagwiritsa ntchito timakina tamagetsi tozokotera. Pomaliza mmisiri amatenga dothi lofiira, lofanana ndi katondo koma losalala kwambiri, amalisakaniza ndi mafuta a nyama kapena utomoni wa udzu wa spinifex, n'kulitikita ndi chala m'timizere tonse. Akapukuta pamwamba, dothilo limatsalira m'tingalande mokha, ndipo chithunzi chimene chinali chovuta kuchiona pachigoba choyera chimatulukira nthawi yomweyo, chofiira psuu pa siliva.

Kunyezimira kwa chigobachi kuli ndi chifukwa chake chodziwika. Mkati mwake muli timagawo topyapyala kwambiri ta mwala wotchedwa aragonite, tosanjikizana ngati njerwa za khoma, tomatidwa ndi zinthu zimene nkhonoyo imatulutsa m'thupi mwake. Kuwala kukagwa pamenepo kumabwerera kuchokera m'timagawo tambiri nthawi imodzi, n'chifukwa chake mitundu imasinthasintha munthu akapendeketsa chigobacho. Eni dera ali ndi mafotokozedwe awo, amene amapita patali kuposa apa. Aubrey Tigan, mkulu wa mtundu wa Mayala ndiponso mmodzi mwa amisiri a riji odziwika kwambiri, amene anamwalira mu 2014, ankafotokoza poyera nkhani ya Aalingoon, chinjoka cha utawaleza chimene chinatsika kuchokera kumtunda n'kukakhala pansi pa nyanja. Mwezi ukakhala wathunthu, madzi atadzaza kwambiri, chinjokacho chimayandama chagada, mamba ake n'kumayoyoka ndi kumira, ndipo mamba amenewo ndiwo amasanduka guwan, imene mafunde amaimwaza pamatanthwe ozungulira zilumba. Nkhaniyi yanyamula chidziwitso cha nthawi ndi malo opezera zigoba, komanso imamangirira kuwala kwa chigoba ku madzi, ku mvula ndi ku kung'anima kwa mphezi za m'dzinja. Munthu wa kumeneko akagwira riji amakhala atagwira kachidutswa ka thupi la chamoyo chimene chimalamulira madzi, ndipo amaigwira mwaulemu woyenera chinthu chotero.

Riji yaikulu imavalidwa ndi amuna pa miyambo, italendewera kutsogolo pa lamba wopota ndi tsitsi la munthu, kuphimba umaliseche. Tizigoba tating'ono timavalidwa m'khosi kapena m'mutu. Pakati pa a Bardi chigoba chimasonyeza pamene mnyamata wafika pa ulendo wautali wa chinamwali, umene uli ndi magawo angapo ndipo umatenga zaka. Riji yozokota amaivala akamafika chakumapeto, akulu atakhutira kuti wakhwima. Choncho munthu wa m'mudzimo akaona mwamuna atavala riji amadziwa zimene mwamunayo wadutsamo ndiponso mawu amene angayankhule naye. Povina usiku pafupi ndi moto, chigobacho chimang'anima pa kuponda kulikonse kwa wovinayo, ndipo oonerera amaona mphezi ija ikuseweretsa kuwala m'chiuno mwa mwana wawo.

Mizere yake ndi yamitundumitundu. Ilipo yokhotakhota, ilipo yoyenda mondondozana ngati mizere ya m'munda, koma yotchuka kwambiri ndi ija yopindika m'makona, yolowana ndi inzake ngati zala za manja awiri opingana, moti diso likayamba kutsatira mzere umodzi limasochera lisanafike kumapeto. Kalembedwe kameneka n'kodziwika kwambiri pakati pa a Karajarri, amene amakhala kumwera kwa Broome, ndipo kamapezekanso pa zishango zawo. Mizere ina imanena za madzi oyenda, ina za njira zimene makolo olenga anadutsa m'nthawi ya chiyambi, imene a Yawuru a ku Broome amaitcha Bugarrigarra. Tanthauzo la pamwamba limatha kuuzidwa kwa aliyense, koma pansi pake pali matanthauzo ena amene amauzidwa kwa okhawo amene analowa mwambo. Ife amene tinakulira kumene za kudambwe siziululidwa pabwalo sitivutika kumvetsa lamulo lotere. Mzere ukhoza kuonedwa ndi anthu onse pa tsiku la gule, koma kuujambula, kuumasulira ndi kuupereka kwa wina ndi udindo wa anthu owerengeka, ndipo munthu wongoukopera chifukwa wamukongolera amakhala ataba.

Ubale wa anthuwa ndi chigoba cha ngale ndi wakale zedi. M'phanga la Widgingarri, kumadzulo kwa Kimberley, akatswiri ofukula zakale anapeza kachidutswa ka chigobachi ka zaka pafupifupi 22,000. Pa nthawi imeneyo dziko lapansi linali lozizira kwambiri, madzi ambiri anali ataundana, nyanja inali yotsika, ndipo gombe linali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kuchokera kuphangalo. Ndiye kuti panali munthu amene anachinyamula ulendo wonsewo, kapena anthu amene anapatsirana dzanja ndi dzanja, chifukwa ankachiona kuti n'chamtengo.

Kupatsirana kumeneku kunakula n'kukhala njira zamalonda zazitali kwambiri m'dziko lonse la Australia. Ku Kimberley kuli dongosolo losinthana zinthu lotchedwa wunan, mmene munthu amakhala ndi abwenzi ake odziwika kumbali iyi ndi kumbali iyo, ndipo chimene walandira kwa mmodzi sachisunga mpaka kalekale, amachipititsa kwa wina. Posinthana ndi zigoba pankabwera dothi lofiira, mikondo, zibonga zoponya, zingwe za tsitsi, ngakhalenso nyimbo ndi magule. Aka sikanali kamsika kogula lero n'kuiwalana mawa. Mphatso iliyonse inkasiya ngongole ya ulemu, ndipo ngongoleyo ndi imene inkasunga mtendere pakati pa mitundu yoyankhula zinenero zosiyana. Mwa njira imeneyi zigoba za ku Kimberley zinakafika ku Yuendumu m'chipululu chapakati, ku Arnhem Land, kumadzulo kwa Queensland, mpaka ku Ooldea m'chigawo cha South Australia, mtunda woposa makilomita 1,500 kuchokera kumene zinatoledwa. Chikamatalikira nyanja, chigoba chinkanka chikulirakulira mphamvu. Kwa anthu a m'chipululu amene sanaonepo nyanja, chinthu chowala ngati madzi, chochokera kumene mitambo ya mvula imachokera, chinali cha akatswiri oitana mvula ndi asing'anga. Oitana mvula ankapala tizidutswa ta m'mphepete mwake pa miyambo yawo, moti zigoba zina zakale zimaoneka zodyeka mbali imodzi. Zigoba zambiri zinkachoka kugombe zosalemba n'kukazokotedwa m'njira, ndi anthu ena, m'kalembedwe kawo, ndipo chimene chinali chovala choonekera poyera kugombe chinkatha kusanduka chinthu chobisika, chosaonedwa ndi akazi ndi ana, chikafika kwina.

Amene amadziwa mbiri ya mphande sangadabwe ndi zimenezi. Mphande nayo inali chigoba cha nkhono ya m'nyanja ya mchere, chodulidwa mozungulira, chimene chinkayenda kuchokera kugombe la Indian Ocean kulowa mkati mwa Africa n'kukakhala chizindikiro cha ufumu pachifuwa cha mafumu. David Livingstone anapatsidwa imodzi ndi mfumu Shinte ya Alunda mu 1854, ndipo anauzidwa kuti mphande zisanu zinkagula mnyanga wa njovu. Amalonda ataona mtengo umenewu, mafakitale a ku Ulaya anayamba kuumba mphande zachinyengo n'kumazitumiza kuno. Riji ndi mphande sizinakumanepo, koma zonse ziwiri zikuonetsa mmene chigoba chimalemerera chikafika kutali ndi nyanja, ndi mmene anthu a phindu amathamangira kukopera chinthu chotero.

Mbiri ya riji singafotokozedwe moona popanda kunena za malonda a zigoba a azungu, amene anayamba m'zaka za m'ma 1860 kudera la Nickol Bay ndi doko la Cossack, kumwera kwa Kimberley. Poyamba zigoba zinkatoledwa pamatanthwe madzi akaphwa, monga momwe eni dera ankachitira, koma za pafupi zitatha, eni maboti anafuna anthu omira pansi pa nyanja popanda chida chilichonse chopumira. Anthu amenewo anali Aaborijini, ndipo ambiri sanapite mwa kufuna kwawo. Ankagwidwa kumidzi, kumangidwa unyolo, kusungidwa pa zilumba zopanda pothawira monga za Lacepede, kenako n'kugulitsidwa kwa eni maboti. Akazi ankamizidwanso, ngakhale oyembekezera. Nkhanzazi zinafika poti boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo mu 1871 loletsa kulemba ntchito akazi achiaborijini m'maboti a zigoba, koma gombelo linali kutali ndi maso a boma ndipo kuba anthu kunapitirira kwa zaka zambiri. Ku Broome lero kuli chipilala cha mkazi woyembekezera akutuluka m'madzi atanyamula chigoba m'mwamba, chokumbutsa amayi amenewa.

Tauni ya Broome inakhazikitsidwa mu 1883. Zovala zomirira zokhala ndi chipewa chachitsulo ndi paipi ya mpweya zitafika, ntchito yomira inapita kwa anthu ochokera ku Japan, Malaya, Timor ndi Philippines, pamene Aaborijini anapitiriza kugwira ntchito m'maboti ndi pagombe. Pofika cha m'ma 1910 ku Broome kunali maboti pafupifupi 400 ndi antchito oposa 3,000, ndipo gawo lalikulu la zigoba zopangira mabatani padziko lonse linkachokera kumeneko. Manda a Ajapani a m'tauniyo, mmene munaikidwa anthu oposa 900, akusonyeza mtengo wa mabataniwo. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mabatani a pulasitiki anagwetsa malondawa, ndipo kuyambira mu 1956, pamene famu ya Kuri Bay inatsegulidwa, phindu linasamukira ku ulimi wa ngale.

Chodabwitsa n'chakuti nyengo yowawa yomweyi inachulukitsa riji. Maboti ankatulutsa zigoba zikuluzikulu za pansi pa nyanja zimene kale zinali zosowa, zitsulo zinapeputsa ntchito yozokota, ndipo misewu ya ng'ombe, mafamu ndi njanji zinanyamula zigoba kupita kutali mofulumira kuposa kale. Zigoba zambiri zokongola zimene zili m'nyumba zosungiramo zinthu zakale lero zinapangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, pamene anthu ake anali pa chipsinjo chachikulu. Ine ndimaona pamenepa umboni wa kulimba mtima. Anthu olandidwa nthaka, oletsedwa zinenero zawo m'sukulu za mishoni, anatenga msomali wa mzungu n'kulembera nawo malamulo a makolo awo. Pa nthawi yomweyo panabadwa kalembedwe katsopano ka zithunzi za nyama, nsomba, anthu ndi maboti, kopangira alendo ofuna kugula. Chigobachi chinalowanso m'tchalitchi, pakuti guwa la tchalitchi cha Sacred Heart ku Beagle Bay, chimene chinamangidwa ndi amishonale achijeremani pamodzi ndi anthu a m'deralo n'kutha mu 1918, linakutidwa ndi zigoba za ngale. A Bardi ndi a Jawi ambiri anakhala pa mishoni ya pa Sunday Island, imene inatsegulidwa mu 1899, ndipo itatsekedwa mu 1962 anasamutsidwira ku Derby, koma patapita zaka anabwerera okha n'kumanga mudzi wa Ardyaloon, umene umatchedwanso One Arm Point, moyang'anana ndi zilumba zawo.

M'zaka zomwezi riji inayamba ulendo wake wachiwiri, wopita m'makabati agalasi. Amishonale, apolisi, eni mafamu, eni maboti ndi akatswiri a zachikhalidwe anatolera zigoba zambirimbiri, zina mogula, zina mosinthanitsa ndi fodya ndi ufa, zina mongotenga pamalo pamene zinabisidwa. Lero zigoba za riji zili ku Western Australian Museum, South Australian Museum, British Museum ku London ndi Metropolitan Museum of Art ku New York. Kuti timvetse mzimu wa otolera ena a nthawiyo, tikumbukire kuti gulu la asayansi a ku Sweden lotsogoleredwa ndi Eric Mjöberg, limene linayenda m'Kimberley mu 1910 ndi 1911, linafukula ngakhale mafupa a anthu n'kupita nawo kwawo, ndipo mafupawo anabwezedwa mu 2004. Pa timapepala tomatidwa pa zigoba zambiri panalembedwa dzina la mzungu amene anachibweretsa ndi chaka chimene anachipeza, koma dzina la mmisiri silinalembedwe. Ntchito yaikulu yolongosola chisokonezo chimenechi inachitidwa ndi Kim Akerman mothandizana ndi John Stanton, amene mu 1994 anatulutsa kafukufuku wa kalembedwe, kagwiritsidwe ntchito ndi kayendedwe ka zigobazi, ndipo akatswiri ndi amalonda omwe amadalirabe kafukufuku ameneyo.

Pamsika wa zaluso, riji yakale imakopa anthu osonkhanitsa zinthu zamakedzana pa zifukwa zomveka. Ndi yaing'ono, yosavuta kusunga, yowala, ndipo mizere yake imafanana ndi zojambula zamakono zimene anthu a ku Ulaya ndi America amazikonda. Pa okushoni ogula amayang'ana msinkhu wa chigoba, kusalala kumene kumabwera ndi kugwiridwagwiridwa kwa zaka zambiri, kudyeka kwa kabowo ka chingwe, dothi lofiira lotsalira m'mizere, kulongosoka kwa mizereyo, ndiponso ngati lamba wake wa tsitsi akadalipo. Koposa zonse amafuna mbiri yolembedwa ya manja amene chigobacho chadutsamo, pakuti dzina la wotolera wotchuka limakweza mtengo. Apa m'pamene mtima wanga umavutika. Zinthu zonse zimene zimakweza mtengo pa okushoni ndi zomwezo zimene zikuchitira umboni kuti chigobacho chinali cha munthu, chinavalidwa pathupi pake, chinavina naye. Tsitsi la palamba lija linametedwa pamutu pa wachibale wake. Wogula amatha kulipira ndalama zambiri chifukwa cha zizindikiro za moyo umenewo, koma osafunsa n'komwe kuti chigobacho chinachoka bwanji m'chiuno mwa mwini wake, kapena ngati zidzukulu zake zikudziwa kumene chili.

Pali vuto linanso lozama. Poyang'ana ndi maso okha, n'kovuta kusiyanitsa riji imene inali chovala choonekera poyera, riji imene inapangidwira malonda kuyambira pachiyambi, ndi riji imene inasanduka chinthu chopatulika cha m'chipululu. Zitatuzi zikhoza kufanana ndithu. Amene angathe kusiyanitsa ndi akulu a mitundu yokhudzidwa, ndipo n'chifukwa chake nyumba zosungiramo zinthu zakale za ku Australia masiku ano zimafunsa akuluwo zisanaike chigoba poyera kapena kufalitsa chithunzi chake pa intaneti. Lamulo la dzikolo la mu 1986 loteteza chuma cha chikhalidwe limaletseratu kutulutsa kunja zinthu zopatulika ndi zachinsinsi za Aaborijini, ndipo zinthu zina zakale zofunika zimafuna chilolezo cha boma zisanadutse malire. Koma lamuloli silingabweze zimene zinatuluka kale lisanakhazikitsidwe, ndipo zambiri zimene zimagulitsidwa ku Paris, Brussels, London ndi New York zinachoka zaka zambiri m'mbuyomo.

Chinyengo nachonso chilipo. Munthu akhoza kutenga chigoba chatsopano, kukopera mizere ya m'buku, kuchipaka dothi ndi mafuta kuti chioneke chakale, n'kuchigulitsa kwa mlendo wosadziwa. Vuto la zinthu zonamizira luso la Aaborijini ndi lalikulu m'dziko lonselo, moti mu 2016 mabungwe oteteza amisiri anayambitsa kampeni yotchedwa Fake Art Harms Culture, kutanthauza kuti zaluso zachinyengo zimawononga chikhalidwe, ndipo mu 2019 khoti la Federal Court la ku Australia linalamula kampani ya Birubi Art kulipira ndalama zokwana madola 2.3 miliyoni a dzikolo chifukwa chogulitsa zinthu zopangidwa ku Indonesia ngati kuti zinajambulidwa ndi Aaborijini. Mlandu umenewo sunakhudze riji, koma unaonetsa kukula kwa msika umene umadya thukuta la eni luso.

Kubweza zinthu kwa eni ake kwayamba, ngakhale kukuyenda pang'onopang'ono. Mu 2019, kudzera mu pulogalamu ya AIATSIS, bungwe la boma la Australia losunga ndi kufufuza za chikhalidwe cha eni nthaka, nyumba ya Illinois State Museum ya ku America inabweza zinthu 42 kwa a Aranda a m'chigawo chapakati cha Australia ndi kwa a Bardi ndi a Jawi, zimene katswiri wa zinenero Gerhardt Laves anatolera pakati pa 1929 ndi 1931. M'chaka chomwecho Manchester Museum ya ku Britain inavomera kubweza zinthu 43 kwa mitundu inayi, kuphatikizapo a Yawuru a ku Broome. Zimenezi zinabwera a Bardi ndi a Jawi atapambana kale m'makhoti pa nkhani ya umwini wa nthaka yawo mu 2005, ndi wa zilumba ndi nyanja mu 2010. 

Cholakwika chachikulu chimene msika wa zinthu zakale umabzala m'maganizo mwa anthu ndi chakuti riji yeniyeni ndi yakale yokha, ngati kuti luso linafa limodzi ndi agogo. Luso limeneli silinafe. Butcher Joe Nangan, mkulu wa mtundu wa Nyikina amene anamwalira mu 1989, anazokota pa zigoba zithunzi za mizimu ndi nkhani za makolo zimene ankazidziwa mozama, ndipo ntchito zake zimatchulidwa ndi dzina lake. Aubrey Tigan anatsitsimutsa mizere yakale ya kwawo, anapanga yatsopano, ndipo anaphunzitsa achinyamata. Mu 2015 Western Australian Museum pamodzi ndi bungwe la a Yawuru la Nyamba Buru Yawuru anakonza chionetsero chotchedwa Lustre, chimene chinafotokoza mbiri ya zigoba za ngale kuyambira kwa eni nthaka, osati kuyambira pa kufika kwa maboti a azungu. Amisiri amakono amadziwa bwino malire a zimene angagulitse. Pali mizere imene imazokotedwa chifukwa cha mwambo ndipo siituluka m'mudzi, ndipo pali ina imene akulu analola kuti ionedwe ndi kugulidwa ndi aliyense.

N'chifukwa chake ndikuona kuti munthu wokonda riji amene akufuna kukhala nayo kunyumba kwake ali ndi njira yoyera, yogula kwa mmisiri wamoyo, kapena kudzera m'malo a zaluso oyendetsedwa ndi Aaborijini eni, kapena kwa amalonda amene anasaina malamulo a Indigenous Art Code, olonjeza kuchita malonda mwachilungamo ndi amisiri achiaborijini. Potero amadziwa dzina la wopanga, mtundu wake, nkhani imene waloledwa kuidziwa, ndiponso kuti ndalama yafika m'manja oyenera. Ku Australia kulinso lamulo limene linayamba kugwira ntchito mu 2010, lopatsa mmisiri magawo 5 pa 100 alionse a mtengo pamene ntchito yake yagulitsidwanso pa madola 1,000 kapena kuposerapo, koma phindu limeneli limafika kwa mmisiri amene dzina lake likudziwika. Amene ali kale ndi riji yakale, mwina yosiyidwa ndi makolo, asaitsuke ndi sopo kapena mankhwala, pakuti asidi amadya chigoba ndipo madzi amachotsa dothi lofiira lija. Aisunge kutali ndi dzuwa ndi kutentha, asachotse chingwe chake, asataye kapepala kalikonse kamene kanabwera nayo, ndipo asanaigulitse kapena kuika chithunzi chake poyera afunse nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Western Australia kuti imulumikize ndi eni ake.

Ku Lombadina, mudzi wa m'mphepete mwa nyanja pa Dampier Peninsula, abale a banja la Sibosado akupitiriza ntchitoyi m'njira ziwiri. Garry Sibosado amazokota zigoba zenizeni, kupala, kukumba mizere ndi kutikita dothi monga anachitira makolo ake. Darrell Sibosado amatenga mizere yomweyo ya a Bardi n'kuikuza kukhala zosema zazikulu zachitsulo ndi za magetsi owala. Pa chionetsero cha Biennale of Sydney cha mu 2024, mizere ya riji inawala pakhoma la nyumba yakale yopangira magetsi ya White Bay, kutsidya lina la dzikolo, ndipo pambali pake panalembedwa dzina la mmisiri ndi la mtundu wake.